Mbama si umboni, inu a zisudzo

Sabata yathayi anthu amene anadzaza kanyumba koonetsera kanema pa Mwanza boma anawomba m'manja pamene wapolisi wa m'sewero anawaza mbama mnyamata womuganizira kuti waba njinga yamoto ya kabaza. Pa mbama yachitatu mnyamata uja anaulula. Nyimbo inalira, gawo linatha, ndipo ana anatuluka akuyeserera mbama ija pa masaya a anzawo. Ife sitinawombe nawo m'manja, ndipo tikufuna olemba seweroli ndi wailesi ya kanema imene inaliulutsa amve chifukwa chake.

Tisaname, gawoli lili ndi zokoma zake. Chichewa chake n'chimene chimamveka pa siteji ya akabaza, chosapaka mafuta. Mayi wa mwini njinga uja anatikhudza tonse: anangokhala pakhonde atafungatira chipewa cha mwana wake, osatulutsa liwu, ife tikudziwa kale kuti njingayo inali ya ngongole. Amene anajambula pamenepo ntchito amaidziwa.

N'chifukwa chake zotsatirazo zikutipweteka. Wapolisi wanuyo sanafunse mboni ngakhale imodzi. Nambala ya injini sanaiyang'ane, foni ya mnyamatayo sanaifufuze, kukhoti sanapondeko. Luso lake lonse linali m'chikhatho, ndipo inu munamuveka ungwazi, kamera ikumuonetsa akupukuta thukuta ngati munthu wochokera kumunda. Kodi simudziwa kuti ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko lino imapatsa womangidwa ufulu wokhala chete, imaletsa kumuumiriza kuulula, ndipo imalamula kuti aonekere kukhoti pasanathe maola 48? Ngati mumadziwa, mwasocheretsa anthu dala. Ngati simudziwa, munalemba bwanji sewero la apolisi?

Mudzati ndi sewero chabe. Mawu amenewo musakawanenere ku Mwanza. Boma lino linaonapo sewero lolembedwa ndi anthu a yunifolomu. M'mwezi wa Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani. Mitembo yawo inaikidwa m'galimoto, galimotoyo n'kukankhidwira kuphedi, ndipo mtundu wonse unauzidwa kuti inali ngozi ya pamsewu. Anthu ankaona kuti nkhaniyi ili ndi mabowo, koma pakamwa panali potseka. Panapita zaka 11 kuti komiti yofufuza, motsogozedwa ndi woweruza milandu a Mtegha, ikhazikitsidwe mu 1994, ndipo inapeza kuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi. Mlandu utazengedwa mu 1995, khoti linamasula Dr. Kamuzu Banda ndi a John Tembo poti umboni wowalumikiza ku imfazo sunakwane. Mpaka lero palibe khoti limene linanena kuti lamulo lopha linachokera kwa yani.

Musaganizenso kuti izi n'zakale zokhazokha. Mu 2019 a Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu wawo usanazengedwe, ndipo zimene akanauza khoti anapita nazo kumanda.

Sitikupempha sewero la apolisi oyera ngati angelo. Wapolisi womenya alipo, muonetseni ndithu, koma muonetsenso chimene mbama yake imabala: wosalakwa amene amavomera kuti ululu uleke, ndi mbava yeniyeni imene pa nthawiyo yaoloka kale malire ndi njinga kulowera ku Zobue. Nanunso a wailesi, amene mumalandira ndalama za otsatsa malonda pa ola limene ana ali maso, muzionera kaye musanaulutse.

Gawo lotsatira tikufuna tione mnyamata uja ataimirira pamaso pa majisitireti, tsaya lili chotupa, ndipo wapolisi wanuyo afunsidwe kumene kuli njinga.