Mbedza Isalemere: Mau kwa Anthu Owedza Nsomba

Anthu ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa Shire, Bua, Linthipe ndi mitsinje yina, akaweruka kumunda amatenga mbedza, napita kumadzi kukafuna ndiwo. Pa miyezi ya October ndi November, pamene mfutso watha m'zikwatu ndipo mvula isanadze, nsomba ziwiri kapena zitatu za pambedza ndizo zipulumutsa banja kuti lisadye nsima ya mcere wokha. Koma kawiri kawiri munthu akhala pagombe dzuwa lonse, nabwera ndi mbedza yokha, nanena kuti nsomba zinatha. Nzoona kuti nsomba zacepa m'madzi ambiri. Koma tikayang'ana cingwe ca munthuyo tipeza kuti wamangapo mwala, kapena nati ya njinga, kapena cintobvu conga cala cacikuru. Cifukwa cace tifuna kunena mau amodzi m'pepala muno, ndiwo awa: colemetsa mbedza cikhale cacing'ono, cokwanira kutsitsa nyambo kufikira pamene pali nsomba, ndipo cisapitirire pamenepo.

UMO NSOMBA IDYERA

Nsomba iribe manja. Pofuna kudziwa ngati kanthu kali kakudya, ikayamwa pamodzi ndi madzi, ndipo kakaikaikitsa ikalabvula munthu asanaphethire. Nyongolotsi yogwa m'madzi kucokera pagombe imira pang'ono pang'ono, nitengeka ndi madzi, ndipo nsomba zinazolowera kuona cakudya cikudza motero. Koma nyongolotsi yomangidwa pamodzi ndi mwala igwa mwaphokoso, nibisika m'matope. Ndipo nsomba ikaipeza, niyesa kuinyamula, imva kulemera kwacilendo, nileka. Mlamba wa kukamwa kwakukuru nthawi zina umeza osasamala. Koma makumba, cilunguni ndi cambo ndizo nsomba zodya modekha, ndipo sizibwerera msanga ku nyambo imene zaikaikira.

Coipa caciwiri ndi ici. Owedza ambiri amanga pacingwe kabango kouma, kapena nthenga, kapena kamtengo kopepuka, kuti kawauze pamene nsomba irinkudya. M'pepala muno tikacha coyandama. Tsono mwala waukuru ukakhala pansi, pakati pa mbedza ndi coyandama, uimitsa mthenga panjira. Nsomba ikoka nyambo, mwala sugwedezeka, coyandama cikhala cete, ndipo mwini ace aturutsa mbedza yopanda kanthu osadziwa kuti nsomba inadza. Coipa cacitatu mucidziwa nonse: colemetsa cacikuru cilowa pakati pa miyala ndi mizu, ndipo pokoka cingwe ciduka, mbedza nitsala m'madzi.

TINTOBVU TONG'ALUKA

M'masitolo ena ogulitsa mbedza muli timipira tating'ono ta ntobvu, tong'aluka kufikira pakati, tokhala ngati tiri ndi kakamwa. Munthu alowetsa cingwe m'kakamwamo, napana, ndipo kantobvu kagwira popanda mfundo. Ubwino wace ndi wakuti mukhoza kuonjeza kamodzi, kapena kucotsa kamodzi, kufikira kulemera kwalingana ndi madzi a tsiku lomwelo. Ntobvu ulemera koposa madzi ka 11 ndi kanthu, potero kantobvu kakang'ono kacita nchito ya mwala woposa iko kukula, ndipo madzi sakakankha kwambiri.

Maina a miyeso yace olembedwa pa timabokosi tambiri anacokera ku England, ndipo nkwabwino kuwadziwa. Kochedwa SSG kalemera magalamu 1.6, ndipo kukula kwace kunga nandolo. AAA ndi theka lace, galamu 0.8. BB ndi galamu 0.4, kukula kwace konga njere ya mapira. Pansi pa awa pali manambala: 1 ndi galamu 0.3, 4 ndi galamu 0.2, 6 ndi galamu 0.1, ndi 8 ndi galamu 0.06, kofanana ndi njere ya maere. Zindikirani kuti nambala ikakula, kantobvu kacepa. Munthu wowedza makumba padziwe kapena padamu safuna zonsezi. BB, nambala 4 ndi nambala 6 zimkwanira, ndipo wowedza pamtsinje aonjezepo AAA.

Pogula, tsegulani maso. Kantobvu kabwino kang'aluka pakati peni peni, ndi mbali ziwiri zolingana. Kong'aluka cam'mbali kakhala mopendekeka pacingwe, nikacipota. Kakhalenso kofewa, kakuti katsekeka osalimbana nako; pakuti kouma kafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo igwera cingwe.

KUIKA KWACE PACINGWE

Coyamba dziwani kuya kwa madzi. Sunthani coyandama kufikira nyambo ikhala pang'ono pamwamba pa matope, kapena ingowakhudza. Mutatero, yambani ndi kantobvu kamodzi, nimuponye pafupi ndi gombe. Coyandama cikagona pamadzi, onjezani kena. Cikamira conse, cotsani kamodzi, kapena ikani kocepa. Mufuna kuti ciimirire, ndi kansonga kace kokha kaoneke, konga kutalika kwa cikhadabo. Coyandama coima motero cimira ndi kukoka kwakung'ono, nsomba isanamve kanthu. Ndipo nsomba ikanyamula nyambo ndi kukwera nayo, coyandama cidzuka, nicikuuzaninso. Nchito iyi ifuna mtima wofatsa. Akuru anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri, titatu tating'ono tiposa kamodzi kakakuru. Kulemera kukagawika, nsomba ponyamula nyambo imva kantobvu ka pansi kokha. Cifukwa cace ikani tokulirapo cakumwamba, pafupi ndi coyandama, ndi tocepa cakumunsi, ndipo kocepetsa kakhale kotsiriza. Kotsirizako kasakhale pakamwa pa mbedza iai. Kalekane nayo monga dzanja lotambasula, ndiwo masentimita ngati 20, kapena kufikira mkono umodzi ngati madzi ali oyera ndipo nsomba ziri zamantha. Pamenepo nyambo iyenda yokha m'madzi monga yosamangidwa.

Cacitatu, madzi ndiwo alamulira. Padziwe ndi padamu, pamene madzi aima, talikitsani tintobvu pacingwe, kuti nyambo imire pang'ono pang'ono. Nsomba zambiri ziigwira iri m'njira yotsika. Pamtsinje wothamanga, madzi a pamwamba ayenda msanga koposa a pansi, ndipo nyambo yopepuka itengeka isanafike kwa nsomba; pamenepo sonkhanitsani tintobvu pamodzi, monga mkono umodzi kucokera kumbedza, ndi kamodzi kakang'ono pansi pace. Ndipo pa masiku a inswa ndi ziwala, pamene muona nsomba zirinkudya pamwamba, cotsani tonse. Nyambo yotere igwira bwino yopanda colemetsa ciri conse.

Cacinai, panani mofatsa. Cingwe ca nayiloni cikaphwanyika pa malo amodzi, cidzadukira pomwepo tsiku limene nsomba yaikuru yagwira. Kantobvu kagwire kokha kuti kasatsetsereke. Mukafuna kukasuntha, nyowetsani cingwe ndi madzi a mumtsinje, nimukoke pang'ono pang'ono. Kakakana, katseguleni ndi nsonga ya mpeni. Mukaona cingwe cakwinyika kapena caphwatalala, dulani pamenepo, nimumangenso mbedza.

MANO SI MBANIRO

Tsopano tifika pa mau olemera koposa. Owedza ambiri apana tintobvu ndi mano, ndipo ena atisunga m'tsaya pomanga mbedza; anyamata aona, natsanza. Mwambo uwu ulekeke. Ntobvu ndi poizoni wosamveka kuwawa pakamwa. Wolowa m'thupi pang'ono pang'ono suturuka msanga, koma uunjikana m'mafupa ndi m'mano zaka zambiri. Ucepetsa mwazi, nupweteka impsyo. Koma coopsa ciri pa ana, pakuti uononga bongo umene ukali kukula, ndipo mwana akhala wobvutika kuphunzira masiku ace onse. Mkazi wapakati aupatsira mwana wosabadwa. A World Health Organization anena kuti palibe muyeso wa ntobvu m'mwazi wa mwana umene udziwika kuti uli wosapweteka. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, kunali mgodi wa ntobvu umene unatsekedwa caka ca 1994. Koma pfumbi lace linatsala m'nthaka ya m'makomo, ndipo ana ambiri a kumeneko anapezedwa ndi ntobvu wocuruka m'mwazi zaka zambiri mgodi utatsekedwa. Kantobvu kamodzi si mgodi. Koma pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Potero panani ndi kambaniro kacitsulo, kapena ikani kantobvu pamwala, nimukanikize ndi msana wa mpeni. Sambani m'manja musanadye. Sungani tintobvu m'kabotolo kotseka, pamwamba posafika ana, pakuti khanda lokwawa liyesa kuti ndi mkanda, nilimeza. Ndipo inu amene musungunula ntobvu wa m'mabatire akale a galimoto kuti mupange zolemetsa, mverani: utsi wace ndi pfumbi lace zilowa m'cifuwa ca ali yense wokhala pafupi, ndipo ciwiya cosungunuliramo sicikhalanso cophikira. Phindu la zolemetsazo silifika pa mtengo wa nzeru za mwana wanu.

Ntobvu wotayika pagombe suola. Mbalame ziribe mano, ndipo zimeza timiyala kuti tipere cakudya m'nthutumba. Zikapeza kantobvu zikameza monga kamwala, nthutumba nikapera, ndipo mbalame ilefuka, nifa. Ku England, pa mtsinje wa Thames ndi mitsinje yina, kuli mbalame zazikuru zoyera za khosi lalitali, zonga atsekwe, dzina lao swan. Zinafa zambiri cifukwa ca tintobvu totayidwa ndi owedza. Pa caka ca 1987 kunayamba lamulo loletsa kugulitsa zolemetsa mbedza za ntobvu zopitirira galamu 0.06 kufikira magalamu 28.35, ndipo pambuyo pace mbalamezo zinacurukanso. Abakha ndi nkhuku za pamudzi panu zidya monga momwemo. Cifukwa cace tolani kali konse kamene kagwa. Ndipo mukapeza m'sitolo tina topanda ntobvu, topangidwa ndi citsulo cofewa coyera cochedwa tin, gulani timeneto. Tin apepuka koposa ntobvu, pakuti alemera koposa madzi ka 7 kokha, potero kampira kace kaoneka kokulirapo pa kulemera komweko. Koma nchito yace ndi yomweyo.

MAU OTSUTSA

Wina adzati, Ine ndiribe ndalama zogulira zinthu izi, ndipo sitolo iri kutari. Cabwino, sitinena kuti nsomba ifuna ca m'sitolo. Langizo lathu ndi lakuti mulemetse pang'ono, ndi kuti kulemerako kukhale kosinthika. Tengani kawaya kofewa kamkuwa kotha nchito, kakulungeni pacingwe kanai kapena kasanu, ndipo coyandama cikamira dulaniko pang'ono. Muli ndi colemetsa coyenera, copanda ntobvu, cosagula.

Wina adzati, Madzi a kwathu ali ndi mphamvu, ndipo njere ya mapira siingatsitse nyambo. Tibvomera kuti colemetsa cacikuru ciri ndi malo ace. Wochera mbedza usiku kufuna milamba pakati pa Shire, kapena wotsitsa cingwe cacitali m'nyanja kufuna kampango, ayenera kulemetsa ndithu. Koma ngakhale iye ayambe ndi cocepa, naonjeze kufikira nyambo yakhazikika, nalekere pomwepo. Ndiponso kumbukirani kuti nsomba sizikonda kulimbana ndi madzi dzuwa lonse. Zipuma kuseri kwa miyala, m'mphepete mwa bango, ndi pamene madzi azungulira nabwerera. Malo amenewo ali pafupi ndi gombe, ndipo tintobvu tiwiri kapena titatu tifikako.

Winanso adzati, Kodi kanthu kakang'ono kotere nkoyenera pepala lonse? Taganizani cimene acita munthu amene mbedza yamkana masiku atatu. Apita kukasinja katupe, nathira padziwe, napha nsomba zonse, zazikuru pamodzi ndi ana ao. Kapena atenga ukonde wa udzudzu umene anaulandira kuti ana asadwale malungo, nakokera nao tinsomba tosakula. Lamulo la za nsomba la dziko la Malawi, la caka ca 1997, liletsa kupha nsomba ndi mankhwala. Koma munthu wanjala samva lamulo msanga. Mbedza itenga nsomba imodzi imodzi, ndipo yaing'ono mukhoza kuibweza yamoyo. Mbedza ikagwira bwino, mwini ace sakumbuka katupe, ndipo dziwe likhala ndi nsomba caka camawa. Mlengi anaika nsomba m'madzi kuti tidye ife ndi ana a ana athu. Sitiyenera kuzitha m'mbadwo umodzi cifukwa ca kusadziwa kumanga cingwe.

Tsono, abale, popita kumadzi sabata lino, masulani mwala uja. Yambani ndi kantobvu kamodzi, kapena kawaya, kotalikirana ndi mbedza dzanja limodzi, nimuonjeze kufikira coyandama caimirira. Mutenge mwana wanu, mumuonetse kupana ndi mpeni, osati ndi mano. Ndipo mukaona mnzanu pagombe alikumanga nati ya njinga, musamseke, koma khalani naye pansi, mumuuze mau awa.