Msewu wa Mutare ndi Masvingo Ngwa Yani?

Munthu wa pantchito mu Mutare akafika pamsika wa Sakubva m'mamawa napeza kuti mulu wa tomato wachepa koma mtengo wake wakwera, mkwiyo wake amautula pa mayi wogulitsa. Mayiyo alibe mlandu. Kawirikawiri mlandu uli kutali, pamsewu wa kumwera umene tomato, nyemba ndi chimanga chachiwisi za m'minda yothirira zidzera pobwera m'tauni. Lole ikathyoka chitsulo padzenje, kapena ikagona tsidya lina la mtsinje wosefukira, wolipira kugonako ndiye wogula. Chotero nkhani ya msewu wa ku Masvingo, umene pamapu aulemba A9, si nkhani ya eni magalimoto okha ayi. Ikhudza mphika wa aliyense wolandira malipiro pakutha pa mwezi.

KUMENE UDZERA

Msewuwu uyamba mu Mutare nulunjika kumwera, ndipo kutalika kwake kufika ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 300. Potuluka m'tauni upyola m'midzi ya Zimunya, nufika pamalo amene mpaka lero atchedwa 22 Miles, chinkana dziko lidaleka kale kuwerenga mtunda ndi mailosi. Patsogolo pali Wengezi, mphambano ya ku Chimanimani. Kuchokera apo msewu uyenda m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Odzi, dziko la milambe ndi mbuzi, nudzera pa Hot Springs ndi pa Nyanyadzi, kumene anthu apachika m'mbali mwa njira mikeka yolukidwa ndi luzi la mlambe kuti apaulendo agule. Utatha makilomita oposa 120 uoloka mtsinje wa Save pa ulalo wa Birchenough, pafupi ndi mphambano ya ku Chipinge, dziko la tiyi. Tsidya linalo ukwera kulowa m'boma la Bikita, upyola pa Nyika, nukathera ku Masvingo.

Woyenda pabasi aona midzi, masukulu, zipatala ndi misika, ndipo angaganize kuti msewu udamangidwa chifukwa cha zimenezi. Mbiri yake inena zina.

ADAUMANGIRA ENA

Mzinda wa Mutare womwe sudakhale pamene ulipo chifukwa cha anthu a m'dzikomo. Azungu adayamba kumanga pafupi ndi Penhalonga, nasamukira ku Old Umtali mu 1891, ndipo atazindikira kuti njanji yochokera ku Beira siingakwere mapiri kufika kumeneko, adasamutsa tauni yonse kuti ikakomane ndi njanjiyo, imene idafika mu 1898. Malo akalewo adapatsidwa kwa a mishoni ya Methodist. Kumwera nako, alimi achizungu otsogozedwa ndi Thomas Moodie adafika m'mapiri a Melsetter, amene tsopano ndi Chimanimani, mu 1893. Iwowa adafuna njira ya ngolo yopita kunjanji, ndipo Boma lidafuna njira yolumikiza Umtali ndi Fort Victoria, maina amene adasinthidwa mu 1982 kukhala Mutare ndi Masvingo.

Chovuta chachikulu chinali Save. M'chilimwe ndi mtsinje wa mchenga wotambalala, woti munthu aoloka wapansi. M'dzinja usanduka nyanja, ndipo ngolo ndi magalimoto zinkadikira pagombe kufikira madzi ataphwa. Ndalama zothetsera vutoli zidachokera ku chuma cha Alfred Beit, mwini migodi amene pomwalira mu 1906 adasiya thumba lothandizira njira ndi maulalo. Thumba lomwelo lidamanga ulalo wa pa Limpopo ku Beitbridge mu 1929, ndi wa pa Zambezi ku Chirundu mu 1939. Ulalo wa pa Save udatha mu 1935. Adaulinganiza ndi Ralph Freeman, mmisiri amene adagwiranso ntchito pa ulalo wotchuka wa ku Sydney, ndipo uta wake wachitsulo ulumpha mamita 329 popanda mzati pakati pa madzi. Adautcha dzina la Sir Henry Birchenough, wapampando wa thumbalo, amene phulusa lake lidaikidwa pa ulalo pomwepo. Dziko litalandira ufulu mu 1980, chithunzi cha ulalowu chidasindikizidwa pandalama yachitsulo ya masenti 20.

M'zaka zomwezo, kuyambira 1933, Boma la Southern Rhodesia lidayamba kuyala m'misewu yake ikuluikulu mizere iwiri yokha yolimba, umodzi wa gudumu la kumanja, wina wa gudumu la kumanzere, pakati pake dothi. Magalimoto awiri akakomana, aliyense ankapatukira kumanzere nasiyira mnzake mzere umodzi. Inali nzeru yopulumutsa ndalama, ndipo idaonetsa amene msewu udamuganizira: mwini galimoto. Woyenda pansi, wokwera njinga ndi woyendetsa ngolo ya ng'ombe malo awo anali m'fumbi la m'mbali.

Ambiri mwa owerenga tsamba lino ndi ana ndi zidzukulu za amuna amene adachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi ya Penhalonga, m'mafamu, kunjanji ndi m'nyumba za Azungu. Ena adabwera wapansi, ena pamalole a Ulere amene Boma lidakhazikitsa kuti anyamule ofuna ntchito popanda kulipira. Akuluakuluwo ankadziwa bwino kuti ulerewo sunali chifundo: njira idatsegulidwa chifukwa mgodi ndi famu zidafuna manja. Momwemonso ndi msewu wa kumwera. Pa ulalo pali dzina la wapampando. Amene adasenza simenti, naphwanya miyala ndi nyundo padzuwa la m'chigwa cha Save, ulalo sutchedwa ndi dzina lawo.

ENI CHIGWA ADAUSANDUTSA WAO

Lamulo logawa dziko la mu 1930 lidapatsa Azungu malo ambiri a mvula, ndipo anthu akuda ochuluka adatsala m'malo otentha ndi ouma onga chigwa cha Save. Pofuna kuti anthu ambiri akwane pamalo ochepa, Boma lidalimbikitsa ulimi wothirira, motsogozedwa ndi Emory Alvord, amene kale anali wa mishoni ya Mount Selinda. Minda ya Nyanyadzi idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930. Alimi a kumeneko adachita zimene mlimi aliyense wanzeru akadachita: adaona kuti pakhomo pawo padzera msewu, nayamba kutumiza mbewu zawo kutauni. Basi idatsata, sitolo idatsata, ndipo pamphambano iliyonse padamera msika. Msewu umene adaumangira ena udakhala moyo wa amene sadafunsidwe pouyala.

Koma walira mvula walira matope. Pankhondo ya ufulu, makamaka Mozambique itatseka malire ake mu March 1976, magalimoto ankayenda m'misewu ya kuno mogundizana, operekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali adapanikizika pakati pa magulu awiri a mfuti. Mu 2006 mbiri ya dayamondi wa ku Chiadzwa, m'dera la Marange, idakokera anthu zikwizikwi kuchigwachi. Mu 2008 asilikali adawathamangitsa ndipo anthu ambiri adafa, kenaka mabanja adasamutsidwira ku Arda Transau pafupi ndi Odzi kuti makampani akumbe. Tsidya la Save, mgodi wa Bikita, umene kampani ya ku China idagula mu 2022, ukumba mwala wa lithium wofunika popanga mabatire. Chuma chonsechi chidatuluka m'maboma amene msewuwu udzera. Funso loyenera ndi lakuti, nanga chidabwerera kumsewu n'chiyani?

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Ulalo wa Birchenough ngwokongola, ndipo palibe wokana. Boma lausamalapo: m'zaka za m'ma 1970 lidaika malire akuti galimoto yolemera kuposa matani 40 isaoloke, ndipo mu 1984 ulalo udakuzidwa ndi kulimbitsidwa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msewu suyesedwa ndi ulalo wake waukulu wojambulidwa pandalama. Uyesedwa ndi timaulalo tating'ono topanda maina, ndi mipope yodutsa madzi pansi pa tala, ndi ngalande za m'mbali, ndiponso ndi njira zafumbi zochokera kumidzi kudzalowa mumsewu waukulu. Chimodzi mwa izi chikafa, ulalo waukulu ungokhala chokongoletsa.

Izi zidaoneka poyera mu March 2019, pamene namondwe wa Idai, yemwe adazunzanso Beira ndi maboma a kumwera kwa Malawi, adagwa pa Chimanimani ndi Chipinge. Ulalo wa mu 1935 sudagwedezeke. Koma maulalo ang'ono adakokoloka, mapiri adagumukira panjira, ndipo kwa masiku angapo magalimoto a chithandizo sadathe kufika kwa ovulala. Anthu mazanamazana adatayika. Palibe mmisiri angaletse mvula yotero. Koma ngalande yotsekeka ndi mchenga ndi mpope wodzala zinyalala zisandutsa mvula wamba kukhala ngozi, ndipo zimenezi munthu angathe kuzikonza ndi fosholo dzinja lisanafike.

Ndalama zake si kuti sizitoleredwa. Kuyambira 2009 m'misewu ikuluikulu ya dziko lino muli zipata zolipiritsa magalimoto, ndipo bungwe la ZINARA ndilo lisunga thumba la misewu. Wa pantchito wopanda galimoto asaganize kuti chipatacho sichimkhudza. Mwini basi aika ndalamayo pamtengo wa tikiti, mwini lole aiika pamtengo wa tomato. Wolipira weniweni ndi mayi wa ku Sakubva ndi bambo wa ku Dangamvura. Msewu wa Plumtree, Bulawayo, Harare ndi Mutare udakonzedwa ndi ngongole yoposa madola 200 miliyoni, pakuti ndiwo njira ya malonda aakulu, ndipo n'zabwino kuti udakonzedwa. Koma mu February 2021 Boma lomwe lidalengeza kuti misewu ya dziko yafika pa tsoka, ndipo kulengeza kotero ndi kuvomereza kuti ntchito ya chaka ndi chaka idalekedwa kufikira zinthu zitaonongeka.

ZOYENERA KUCHITIKA

Ena adzati Boma lili ndi misewu yambiri ndipo ndalama n'zochepa, chotero liyenera kuyamba ndi njira zobweretsa chuma cha kunja. Mawu amenewa ali ndi nzeru yake. Koma ndi mawu omwewo amene adayala mizere iwiri ya mwini galimoto nasiya woyenda pansi m'fumbi. Dziko la ufulu siliyenera kuyesa msewu ndi muyeso wa 1933.

Choyamba, ndalama zotoleredwa pazipata za msewu uliwonse zilengezedwe poyera chaka ndi chaka, pamodzi ndi ntchito imene yachitika pamsewu womwewo. Wopereka ali ndi ufulu woona kumene chopereka chake chapita, monga momwe achitira kumpingo ndi kubungwe la maliro.

Chachiwiri, ntchito yotsegula ngalande ndi mipope ichitike m'miyezi ya August, September ndi October, mvula isanayambe, ndipo olembedwa akhale anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Iwo ndiwo adziwa pamene madzi adzera, ndipo malipiro ake adzatsala kumudzi. Ntchito yotere njotsika mtengo kuposa kumanganso ulalo wokokoloka.

Chachitatu, malole olemera ayesedwe pasikelo mosakondera, ndipo makampani a migodi ndi a minda ikuluikulu amene katundu wawo aphwanya tala asenze gawo loyenera la kukonza. Lole imodzi yodzaza kopyola muyeso iononga msewu kuposa magalimoto ang'ono ambirimbiri. Sikuli chilungamo kuti phindu lipite kwa mwini katundu, dzenje litsalire mwini mudzi.

Chachinayi, pamisika ya m'mbali monga Wengezi, Nyanyadzi, Birchenough ndi Nyika pakhale malo oimapo mabasi ndi njira ya oyenda pansi. Ana a sukulu, amayi osenza madengu ndi ngolo za abulu ndiwo ochuluka pamsewuwu, ndipo mpaka liti adzakhala ngati alendo panjira ya kwawo?

Zinthuzi sizidzabwera zokha. Anthu a pantchito ali ndi mabungwe awo, ali ndi makhansala, ali ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo amene amadza kudzapempha mavoti. Safunsa adadya phula. Phungu akafika pamsonkhano, afunsidwe za mpope wakutiwakuti ndi ulalo wakutiwakuti, atchule mwezi umene ntchito idzayamba, ndipo mweziwo ulembedwe kuti adzakumbutsidwe. Makolo adamanga misewu ya dziko lino popanda wowafunsa maganizo. Ana awo akuilipira pachipata, patikiti ndi pamsika, ndipo wolipira ndiye mwini.