Mpanda wa njerwa suletsa kolera: konzani yadi mvula isanagwe

Mwezi wa October ukafika mu Lusaka dzuwa liotcha, fumbi lili ponseponse, ndipo palibe amene afuna kugwira khasu kapena fosholo. Koma iyi ndiyo nthawi yokonza pakhomo. Mvula ya cizimalupsa kawirikawiri igwa capafupi ndi tsiku la ufulu, pa 24 October, ndipo pofika December mifolo yadzala. Amene ayamba kukumba mfolo madzi atalowa kale m'khicini wacedwa.

Lero ndilembera makamaka inu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, cifukwa pali bodza limodzi limene ambiri a inu mwalikhulupirira. Munena kuti kolera ndi matenda a m'komboni, a ku Kanyama ndi ku Misisi, ndipo kuti munthu wokhala m'kati mwa mpanda wa njerwa ndi geti yacitsulo alibe cooopa. Ine ndigwira nchito m'cipatala, ndipo ndaona anthu a kumayadi atagona pa bedi loboola pakati, ndowa ili pansi, cimodzimodzi ndi anzao a m'komboni.

Nzoona kuti makomboni ndiwo avutika kwambiri. Mliri wa 2017 unayamba mu October ku komboni ya Chipata, nufalikira ku Kanyama, ndipo pofika pakati pa 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala mu Lusaka. Mliri wa 2023 unayambanso mu October. Umenewu unali woipa kopambana: m'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February. Ana a ku Kabulonga anakhala kunyumba pamodzi ndi ana a ku Chawama. Onaninso kuti miliri yonse iwiri inayamba mu October, nthawi ya kutentha pamene madzi asowa ndipo anthu atunga paliponse. Mvula ingobwera kudzamwaza cimene cayamba kale.

M'mliri wa 2024 ndinasamalira abambo ena a kumayadi amene anabwera maso atalowa m'kati, mau atatha. Atacira anandifunsa kuti, "Adokotala, ine sindidya zakumsika, nanga matendawa ndawatenga kuti?" Titafunsitsa, tinapeza kuti amai amene awaphikira anali atatsegula m'mimba masiku awiri. Sananene, cifukwa anaopa kudulidwa malipiro. Cimbudzi ca m'nyumba anali oletsedwa kulowamo. Ca kuseri, cimene iwo ndi mnyamata wa m'dimba agwiritsa nchito, cinalibe madzi miyezi itatu, ndipo sopo kunalibe. Ndinawauza abambowo poyera kuti mlandu suli pa wanchito. Munthu amene mum'mana sopo ndiye amene akukandirani ufa ndi kusambitsa mwana wanu.

Cotero nchito yoyamba yokonza pakhomo iyambire kuseri, ku cimbudzi cimene inu eni nyumba simulowamo. Pitani mukacione ndi maso anu. Konzani pompi, ikani sopo, ikani citseko. Ndipo muwauze anchito anu lero lomwe kuti akatsegula m'mimba apite ku kiliniki, malipiro ao sadzadulidwa. Woodlands ali pafupi ndi Bauleni, Kabulonga ayang'anana ndi Kalingalinga ndi Mtendere, Chelstone agundana ndi Kamanga. M'mawa uliwonse anthu mazanamazana aoloka mseu kudzagwira nchito m'mayadi, ndipo madzulo eni mayadi apita kukagula ndiwo zocokera ku Soweto Market. Mzindawu ndi umodzi.

Tsopano tibwere ku nkhani imene indidetsa nkhawa kopambana, ya borehole ndi septic tank pa yadi imodzi. Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga pansi pake. Madzi ayenda msanga m'ming'alu imeneyi osasefedwa bwino monga acitira mu mcenga. Mvula ikagwa kwambiri madzi a pansi akwera, nakumana ndi zocokera m'zimbudzi zokumba ndi m'maenje a septic tank. Ndico cifukwa cake boma linakwirira zitsime zosaya ku Kanyama mu 2018. Koma mwala umene uli pansi pa Kanyama sudziwa malire a komboni. Nyumba zambiri zatsopano kumayadi sizinalumikizidwe ku mipope ya zonyansa ya Lusaka Water. Mwini nyumba akumba dzenje lake ku ngondya iyi, naboola borehole ku ngondya inayo. Malamulo a bungwe la WARMA a mu 2018 afuna kuti pakati pa borehole ndi dzenje la zonyansa pakhale mamita 30. Tengani tepi mupime. Mupimenso kufika ku dzenje la aneba anu kuseri kwa mpanda, pakuti pansi pa nthaka palibe mpanda.

Madzi a m'borehole aoneka oyera ngati a m'botolo, ndipo apa ndi pamene anthu anyengedwa. Tizirombo ta kolera ndi taifodi tilibe mtundu, tilibe fungo. Tengani madzi anu mukawapimitse ku labotale kamodzi pa caka, makamaka mvula itayamba. Septic tank ipopedwe tsopano, pamene nthaka ili youma ndipo galimoto yopopa ikhoza kulowa pa yadi osatitimira. Mu January mudzaima pa mzere ndi anthu ena onse, zonyansa zili kusefukira pa kapinga pamene ana asewera. A ku Kabwata amene muli pa mipope ya zonyansa, mukaona civundikiro ca manhole cayamba kutulutsa madzi, kanenani msanga, ndipo lekani kutaya matewera ndi nsanza m'cimbudzi.

Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa kusunga madzi. Madzi a mu Kariba atatsika magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, mapampu naima, ndipo nyumba iliyonse inagula madilamu ndi zigubu. Cizolowezi cimeneci catsala, ndipo si coipa. Coipa ndi dilamu losavundikira limene aliyense abviikamo kapu ndi dzanja lomwe. Madzi akumwa asungidwe m'cigubu ca kamwa yaing'ono, cotsukidwa, cokhala ndi cotsekera cake. Awiritseni, kapena thiranimo Clorin monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ena adana ndi fungo lake. Fungo lizolowereka m'masiku atatu. Thanki ya pamwamba nayo itsukidwe. Ndamva za mabanja amene anapezamo mbalame yakufa atamwa madziwo mwezi wathunthu.

Tulukani pa geti muone mfolo wa kutsogolo kwa nyumba yanu. Ambiri asesa m'kati mwa yadi mpaka kuwala, zinyalalazo nakazitaya mu mfolo, nati ndi nchito ya khonsolo. Khonsolo ili ndi mlandu wake, ndipo sindiikhululukira pa zinyalala zimene zikhala masabata osatengedwa. Koma mapulasitiki ndi mabotolo amene atseka mifolo sanagwe kumwamba. Tonse taona mmene pa Kulima Tower ndi m'miseu ya m'tauni madzi afikira m'maondo mvula ikagwa ola limodzi lokha. Mu mseu wanu zicitika cimodzimodzi, pang'ono cabe. Panganani ndi aneba anu Loweruka limodzi, aliyense acotse matope ndi zinyalala kutsogolo kwake, ndipo zimene mwacotsazo zicoke, musaziunjike m'mbali mwa mfolo kuti mvula yoyamba izibwezeremo.

Za udzudzu sindidzatalikitsa. Malungo mu Lusaka ndi ocepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena kuno kum'mawa, koma alipo, ndipo alendo a pa Khirisimasi abwera nao. Udzudzu uswana m'madzi oima, ndipo kucoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka patenga sabata limodzi kapena awiri. Matayala akale, zitini, miphika ya maluwa, ngalande za pa denga zodzala masamba ndi maenje amene omanga nyumba anasiya, zonsezi zicotsedwe kapena zikwiriridwe. Sokani maneti ong'ambika. Mwana akatentha thupi kampimitseni magazi, musagule mankhwala mwa kungoganizira.

Pali nkhani ya mango imene ndiimva caka ndi caka, yakuti mango ndiwo abweretsa kolera. Mango alibe mlandu. Angopsa pa nthawi imodzi ndi mliri. Coopsa ndi mango otoledwa m'matope ndi kudyedwa osatsuka ndi manja osasamba, ndi oola amene asiyidwa pansi pa mtengo kuitana nchenche. Musadule mtengo. Tolani ogwa m'mawa uliwonse, oola muwakwirire.

Cotsiriza cigulidwe pamodzi ndi ufa wa mwezi uno: mapaketi a madzi a moyo, asanu kapena khumi, aikidwe pamene aliyense m'nyumba adziwa, ndi wanchito yemwe. Paketi imodzi isungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Clorin. Ngati mapaketi atha, thirani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi, masupuni osadzaza mulu. Kolera ikhoza kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ocepa, ndipo ambiri mwa amene anafa mu 2024 anafera kunyumba kapena pa njira, ali kuyembekeza kuti kuce. Munthu akayamba kutulutsa cimbudzi ca madzi okhaokha onga otsukira mpunga, kaya ndi pakati pa usiku, yambani kum'mwetsa madzi a moyo nthawi yomweyo, pitirizani kum'mwetsa m'galimoto, ndipo mupite ku kiliniki ya pafupi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa njira yonse.