Gogodela ya ku Chezi ndi Madigiri Athu

Pano pa Chirunga tili ndi nthenda imodzi: chilichonse chachitsulo timati chidabwera pa sitima. Munthu akatchula gogodela timaseka, poganiza za mlenje wa zigamba wosadziŵa kulemba dzina lake. Ine sindiseka nawo, pakuti ndili mnyamata ndidavukutapo moto pa chipala cha malume anga ku Chezi, m'mapiri a Dowa, iwo akusula mfuti yotere.

Malumewo analibe choyezera kutentha. Ankaŵerenga chitsulo ndi maso: chikafiira ngati phwetekere ankati chikadagona, chikayamba kuoneka ngati dzungu lakupsa nyundo inkagwa. Kachitsulo kokankha nyundo ya mfuti kadatidyera masiku atatu. Ukakaumitsa kwambiri kamathyoka ngati chigwada chouma, ukakanyengerera kamafooka nkukana kubwerera. Mtengo wake udali mlombwa wouma chaka chathunthu, wosemedwa ndi kasemasema molinga ndi phewa la mwini wake. Ndipo mfuti yatsopano sankaiyesera paphewa ayi. Ankaimangirira ku mtengo, nkukoka chingwe atabisala kuseri kwa chulu. Ku Birmingham adakhazikitsa nyumba yoyesera mfuti mu 1813, ndipo ife timagwada nkuti imeneyo ndiyo sayansi. Nanga chulu cha ku Chezi chalakwanji?

Inu a mbiri yakale mukudziŵa kuti mu 1890, ku Brussels, Azungu adapangana kuti mfuti zamakono zisafike m'manja mwa Aafirika. Ife atisiyire zothira onga kukamwa. Zimenezo zikathyoka kunalibe sitolo yogulako zitsulo zake. Osula athu adazimasula, nkuziyang'anitsitsa, nkuyamba kupanga zawo. Popanda buku, popanda mphunzitsi wovala gauni!

Wina anena kuti ndikulimbikitsa kupha nyama mozemba. Iyayi. Lamulo la mfuti la 1967 lilipo, ndipo likhalepo. Ndikudziŵa kuti gogodela ndi msampha zidachepetsa nyama m'nkhalango ya Ntchisi, ndipo ndidaonapo dzanja lotsala zala ziŵiri mfuti itaphulika. Sindikupempha mfuti m'midzi. Chondiŵaŵa nchakuti ofesi yokha imene imalemba dzina la wosula wotere ndi ya polisi. Ife ophunzira, amene timadya misonkho ya anthu omweŵa, sitidamufunsepo kuti makala abwino ndi a mtengo uti, kapena kuti amadziŵa bwanji kuti chitsulo chatopa. Manja amene ankatha ntchito yosakhululuka chotere lero akukhoma mbaula ndi zidebe m'mbali mwa msewu wa ku Salima, uku ife tikulimira khasu lochokera ku China.

Tsono a dipatimenti ya mbiri, ndi inu a uinjiniya ku Blantyre, tchuthi chikubwerachi tumizani ophunzira aŵiri okha ndi kope. Minibasi za ku Salima zimaima pa Chezi. Akatsika afunse kumene kukumveka nyundo, ndipo atengeko thumba la makala, chifukwa wosula sayankhula ndi mlendo moto uli wozima.