ZA CHINENERO CHATHU: Dzina ndilo Mfumu, Mau Ena Alitsata



Pali dandaulo limene timalimva kawiri-kawiri kwa aphunzitsi a sukulu, lakuti ana ambiri amapeputsa phunziro la Chichewa, namati: "Ichi ndi chinenero cha kwathu, tichiphunzirirenji?" Tsono pofika tsiku la mayeso, mwana amene amalankhula bwino pabwalo alephera kulongosola chifukwa chimene timati "chimanga chapsa" koma "nyemba zapsa", ndipo pofuna kuphunzira Chingerezi apunthwa kawiri, pakuti munthu wosadziwa mamangidwe a nyumba yache sangathe kuzindikira mamangidwe a nyumba ya mnzache. Chifukwa chache mwezi uno tifuna kuika pamaso panu malamulo oyamba a chinenero, kuti muthandize nao ana anu madzulo, ndiponso alendo amene akhala pakati pathu nafuna kulankhula nafe.

Ife a m'malire tiyenera kusamala koposa ena. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 ali ndi chinenero chao cha kumwera. Koma lero zidzukulu zao za kwa Mpezeni, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni zimalankhula Chinsenga ndi Chichewa, ndipo Chingoni chatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Amuna anapambana pa nkhondo, koma ana anayamwa mau a amai ao, amene ambiri anali Ansenga ndi Achewa. Tiphunzirepo kuti chinenero chimasungika kapena kutayika pakhomo, pa mtondo ndi pa moto. Sukulu imangolongosola chimene mai anadzala kale.

Ngakhale amene analemba mabuku oyamba a chinenero chathu anatola malamulo ache pakamwa pa anthu wamba. Johannes Rebmann, ali kufupi ndi Mombasa, anafunsa mau kwa Salimini, munthu wa dziko lino amene anagwidwa ukapolo, ndipo buku lache linasindikizidwa m'chaka cha 1877. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa buku la mau a Chimang'anja mu 1892. Abambo a White Fathers, amene anamanga misoni ya Kachebere mu 1903, anayamba ntchito yao ndi kumvetsera anthu a m'midzi. Mark Hanna Watkins wa ku America, amene buku lache la malamulo a Chichewa linatuluka mu 1937, anaphunzira kwa Kamuzu Banda pamene iyeyo anali pa sukulu ku Chicago. Ngati alendo anavutika chotere, kodi ife eni ache tidzachita ulesi?

I. Za maina ndi mafuko ao

Mau amene timatchula nao munthu, chinthu, malo kapena khalidwe, asukulu amawatcha dzina. Monga munthu ali yense ali ndi pfuko lache, wina Phiri, wina Banda, wina Jere, momwemonso dzina liri lonse liri ndi gulu lache, ndipo gululo limadziwika poyerekeza manenedwe a chinthu chimodzi ndi a zinthu zambiri. Magulu ache ndi awa:

Mu-A: munthu, anthu, mlimi, alimi.
Mu-Mi: munda, minda; mtsinje, mitsinje.
Li-Ma: khasu, makasu, phiri, mapiri, tsamba, masamba, dzira, mazira.
Chi-Zi: chitsime, zitsime, chipatso, zipatso.
I-Zi: nyumba, mbuzi, nkhokwe, maina osasintha ngakhale zinthuzo zichuluke.
U-Ma: uta, mauta, ulendo, maulendo.
Ka-Ti, gulu la tinthu tating'ono: kamwana, tiana, kambuzi, timbuzi.
Ku, Pa ndi Mu, magulu a malo: kumunda, pakhomo, m'nyumba.

Taonani gulu la Li-Ma. Dzina likakhala la chinthu chimodzi limayamba molimba, kh, ph, ts, dz. Likakhala la zambiri limafewa, k, p, s, z. Mlendo wosadziwa lamulo ili amati "makhasu" ndi "maphiri", ndipo ana amamseka kuseri. Koma anawo mutawafunsa chimene chawaseketsa, sangathe kuyankha.

II. Za mgwirizano

Ili ndilo lamulo lalikulu koposa onse, ndipo amene aligwira wagwira msana wa Chichewa. Dzina liri ngati mfumu ya chiganizo: likayamba kulankhula, mau onse otsatira amavomera ndi liu la pfuko lache. Tamverani:

Khasu langa latsopano lathyoka.
Makasu anga atsopano athyoka.
Chitsime chathu chakale chaphwa.
Zitsime zathu zakale zaphwa.
Kamwana kathu kadwala.
Tiana tathu tadwala.

Timau tovomera timeneti, la-, a-, cha-, za-, ka-, ta-, asukulu amatitcha agwirizanitsi. Tisayese kuti tangokhala tokometsera. Munthu akapita kwa nyakwawa nati, "Mbuzi yanga yabedwa," mlandu uli wa mbuzi imodzi. Akati, "Mbuzi zanga zabedwa," khola lonse lapita. Dzina la mbuzi silinasinthe ai. Kukula kwa mlandu kwasenzedwa ndi ya- ndi za-.

Malo naonso amalamulira chiganizo monga maina ena: pakhomo pano pali alendo, kumunda kuli ntchito, m'nkhokwe muli chimanga. Ichi chimawavuta kwambiri Azungu, pakuti m'zinenero zao mulibe.

Pali maina ena amene amasamuka pfuko pochuluka. Timati "mfumu yathu yafika", monga timanenera za nyumba, koma "mafumu athu afika", monga timanenera za makasu. Ndipo mau ochokera kunja sangakhale m'mudzi mwathu osalandira pfuko: buku linalowa kwa Li-Ma, ndipo timati buku langa, mabuku anga, wailesi ndi foni zinatsata mbuzi, wailesi yathu, foni yanga, ndipo ambiri amati tchalitchi chathu, chifukwa mauwo amayamba ngati chitsime. Kubwereka mau sikupha chinenero, malinga obwerekedwawo amvera lamulo la m'mudzi.

Amene anaphunzirako Chilatini, chimene chinali chinenero cha Misa ndi cha maphunziro a unsembe pamene seminare yaikulu ya Kachebere inatsegulidwa mu 1939, adziwa kuti maina ache amasintha kumchira: Dominus, Domini, Domino. Athu amasintha kumutu. Chingerezi chimalekanitsa mwamuna ndi mkazi, he ndi she, pamene ife timati "iye" kwa onse awiri. Ndicho chifukwa chache ana athu amasokoneza timau tiwiri timeneti. Muuzeni mwana kuti Angerezi naonso ali ndi mafuko a maina, koma anagawa mwa njira ina, ndipo adzamva msanga.

III. Za mneni

Mneni ndiye mau onena chochitika: kulima, kudya, kupemphera. Mneni wa Chichewa ali ngati chingwe cha mikanda, ndipo mkanda uli wonse uli ndi malo ache osasinthika. Titenge mau akuti "sindidzakuiwalani". Poyamba pali si-, wokana. Kenaka ndi-, woonetsa wochita. Kenaka dza-, woonetsa nthawi ya m'tsogolo. Kenaka ku- pamodzi ndi -ni wa kumapeto, oonetsa kuti wosaiwalidwayo ndinu. Ndipo pakati pali tsinde, -iwala. Mwana wa zaka zinai amatunga mikanda yonseyi osalakwa, ngakhale sanaone khomo la sukulu.

Kumchira kwa mneni kumamera nthambi zosintha tanthauzo. Pa kumanga pamatuluka kumangira wina nyumba, kumangitsa nyumba kwa mmisiri, kumangidwa ndi asilikari. Pa kutseka pamatuluka kutsekula, kumene kumabweza ntchito ya poyamba. Apa pali lamulo lina limene khutu limasunga: tsinde likakhala ndi a, i kapena u, timati -ira, monga kumangira, kuphikira, kugulira, likakhala ndi e kapena o, timati -era, monga kulembera, kugonera. Palinso nthambi ya -ana, imene sitheka ndi munthu mmodzi: kukondana, kuthandizana, kukhululukirana. Banja limene mmodzi yekha ndiye amakhululuka masiku onse silinafike pa nthambi imeneyi.

IV. Za nthawi

Mkanda wa nthawi ndiwo umafuna kusamala kwambiri. Ndiri kulima, kapena mwachidule ndikulima, ndiyo ntchito ya tsopano lino. Ndimalima ndicho chizolowezi. Ndalima, ntchito yatha kumene ndipo mizere iri kuoneka. Ndinalima kapena ndidalima, zapita. Ndinkalima, chizolowezi cha kale. Ndidzalima, za m'tsogolo. Ndikalima, ndipita kwina kukagwira ntchitoyo.

Koma chinenero chathu sichifunsa kokha kuti chinthu chinachitika liti. Chimafunsanso ngati zipatso zache ziripobe. Mukamva kuti "mlendo wabwera", yalani mphasa, pakuti ali pakhomo. Mukamva kuti "mlendo anabwera m'mawa", mudziwa kuti mwina wabwerera kale. Watkins anaona m'manenedwe a ku Kasungu kusiyana kwa -da- wamfupi ndi -daa- wokoka. Wamfupi amanena chochitika kale chimene chikhalirebe: Mulungu adalenga dziko, ndipo dziko liripo. Wokoka amanena chochitika kale chimene pambuyo pache chinasinthika: adaabwera, koma anachokanso. Potero Mchewa wosamala mau, ponena za imfa ya Ambuye, amakoka liu nati "adaafa", pakuti manda sanawasunge. M'mabuku kusiyana uku sikulembedwa kawiri-kawiri, koma makutu a akulu amakumva. Chifukwa chache ife ophunzitsa katekisimu tisamalekeze phunziro pa imfa osafika pa kuuka.

V. Za kukwera ndi kutsika kwa liu

Pali mau olembedwa chimodzimodzi amene pakamwa amasiyana. "Mtengo wagwa": ngati liu lakwera pa -te-, akondwa ndi wofuna nkhuni, ngati lakhala pansi, alira ndi wogulitsa mtedza pa msika wa Kamwendo. Khungu la thupi ndi khungu la maso zisiyana mwa njira yomweyo. Ichi buku silingaphunzitse bwino. Mlendo ayenera kukhala pansi ndi kumvetsera, ndi kufunsa osachita manyazi, pakuti akale anati safunsa anadya phula. Ndipo ife timuongole mwaulemu, osamseka.

VI. Za ulemu

Kwa ife ulemu uli m'kati mwa malamulo a chinenero. Munthu wamkulu, ngakhale ali mmodzi, timamnena ngati ambiri: agogo agona, amai abwera, aPhiri ali kumunda, aNabanda adwala. Kwa mwana timati iwe, kwa mkulu inu. Chingerezi chiri ndi you mmodzi wa onse, ndipo mwana wozolowera pamenepo angayambe kunena "bwera" kwa amalume ache m'malo mwa "bwerani". Ichi musachilekerere, pakuti kulakwa kumeneku kumavulaza chinenero ndi mwambo pamodzi.

Kutsidya kwa malire a Mwami abale athu amatcha chinenero chomwechi Chinyanja, dzina limene linali lathunso kufikira chaka cha 1968, pamene chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lonse natchedwa Chichewa. Iwo amalemba c pamene ife timalemba ch, monga cimanga ndi chimanga. Ndipo a ku Lusaka amati "ba Phiri" pamene ife timati aPhiri. Kuno malembedwe analongosoledwa ndi bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, limene ntchito yache inapatsidwa kwa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Mwana wa m'malire amamva zonsezi pa msika umodzi. Sitimuletsa kuzidziwa iai. Koma adziwe kuti aka ndi ka kwathu, ako ndi ka kutsidya, ndipo pa mayeso alembe monga sukulu yache imphunzitsa.

Ntchito ya mwezi uno

M'mera mpoyamba. Madzulo, mutatha kudya ndi musanayambe mapemphero, sankhani maina asanu a zinthu za pakhomo, monga mtondo, lichero, chipande, nkhali ndi ufa. Mwana ali yense anene pfuko la dzinalo, anene manenedwe ache zinthuzo zikachuluka ngati nkotheka, ndipo apange chiganizo chokhala ndi agwirizanitsi atatu. Tsiku lina tengani mneni mmodzi, monga kuphika, muone nthambi zingati mungathyolepo. Agogo akhale oweruza, pakuti ngakhale sadziwa maina a m'buku, khutu lao silinama. Ngati pali mlendo m'mudzi, mtengwa kapena mkamwini wochokera kutali, namwino kapena wansembe watsopano, muitaneni akhale nanu.

Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzanena za afotokozi ndi za mvekero, timau tija timati mbee, bii, psuu ndi zii, timene alendo amatisirira.

Mulungu, amene pa tsiku la Pentekoste anafuna kuti mtundu uli wonse umve Mthenga Wabwino m'chinenero chache, adalitse mabanja anu onse.

Ndife anu mwa Kristu,
Katekisiti