Fomu ikafufutika, mlandu si wa mwini foni

Mng'ono wanga kuno ku Mpima anatha ola lathunthu akudzaza fomu yofunsira malo pa koleji ina. Dzina, nambala ya NRC, zotsatira za Grade 12, zonse pa foni. Atafika polipira, anatuluka pang'ono kukaona nambala imene anamutumizira pa SMS. Pobwerera anapeza tsamba layambiranso lokha, fomu ili mbee! Bundle yapita, ola lapita, tsiku lotseka lili mawa.

Inu anzanga olemba mawebusayiti, kuphatikizapo amene mukuphunzira za makompyuta pa Mulungushi University, lekani kunamizira netiweki. Uwu ndi ulesi wathu.

Zonse zimene JavaScript yasunga m'maobject zimakhala ndi moyo tsamba likadali lotsegula. Mukachita refresh zimafa, code imayambira pa mzere woyamba ngati munthuyo sanalembepo kanthu. Ndipo si chala chokha chimachita refresh. Pa foni ya Android ya RAM yochepa, Chrome ikakhala kumbuyo imatsekedwa, ndiye pobwerera tsamba limatsegulidwa mwatsopano. Inu simuona zimenezi chifukwa mumayesera pa laptop, pa Wi-Fi, malaiti alipo.

Mankhwala ake ndi akale. Munthu akamalemba, sungani zimene walemba. sessionStorage imapulumuka refresh, imafufutika tab ikatsekedwa. localStorage imakhalabe ngakhale foni itazima. Kuposa zonsezi, sungani fomu yosatha pa seva. Ndiye code yoyambitsa tsamba iyambe yafunsa: kodi pali zimene zinasungidwa? Ngati zilipo, ibwezeretse. Isapange object yatsopano mwachimbulimbuli.

Pa ndalama ndiye samalani kwambiri. Malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake, yopangidwa kamodzi n'kusungidwa. Seva ikaiona kachiwiri, isadulenso mobile money ya munthu.

Ena amati kusunga zinthu mu browser n'koopsa, makamaka pa kompyuta ya mu cafe imene aliyense amagwira. N'zoona, ndipo yankho lake n'kusankha bwino: PIN ndi password musasunge, ndipo fomu ikatumizidwa fufutani zonse. Kutaya ntchito ya munthu si chitetezo.

Musanatulutse webusayiti, bwerekani foni yotchipa, dzazani fomu yanu, chitani refresh pa sitepe iliyonse. Ngati mwakwiya, konzani. Mng'ono wanga anadzazanso kachitatu pakati pa usiku, akulemba manambala papepala.