Mtengo wa nyumba ukamalamula ndalama za sukulu: zimene zikuchitika ku America

Mukamva za dziko la America, mwina mumaganiza kuti sukulu zonse za boma kumeneko ndi zapamwamba. Si choncho. Sukulu ziwiri zoyandikana zimatha kusiyana kwambiri: ina ili ndi namwino tsiku lililonse, ina denga likudontha. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi msonkho wa malo ndi nyumba.

Msonkhowu umafanana ndi ma city rates amene eni nyumba amapereka kumakhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America gawo lalikulu la ndalamazi limapita kusukulu za m'dera lomwelo. Pa madola 100 alionse oyendetsera sukulu za boma, pafupifupi 45 amachokera m'deralo, makamaka kumsonkhowu. Enanso pafupifupi 45 amachokera kuboma la chigawo, monga Texas kapena Michigan, ndipo boma lalikulu ku Washington limangoikapo pafupifupi 10.

Vuto lili pati?

Msonkho umawerengedwa potengera mtengo wa nyumba. Choncho dera la nyumba zodula limatolera zambiri ngakhale mlingo wa msonkho ukhale wotsika, pamene dera losauka limatolera zochepa ngakhale liukweze.

Taonani zimene zinaululika mumzinda wa San Antonio ku Texas. M'chaka cha 1968, Demetrio Rodriguez ndi makolo anzake a m'dera losauka la Edgewood anakasuma kukhoti. Iwo ankapereka dola imodzi ndi masenti 5 pa madola 100 alionse a mtengo wa nyumba, koma msonkhowo unkangobweretsa madola 26 pa mwana mmodzi pachaka. Ku Alamo Heights, dera la anthu opeza bwino, ankapereka masenti 85 okha, koma ankapeza madola 333 pa mwana. Osauka ankadzipanikiza kwambiri n'kupeza zochepa.

Mu 1973 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, majaji 5 kutsutsana ndi 4, kuti dongosololi silikuphwanya malamulo aakulu a dziko. Kuchokera apo makolo akhala akukasuma m'makhoti a zigawo. Ku Texas anapambana mu 1989, ndipo kuyambira 1993 madera olemera amatumiza gawo la msonkho wawo kuti lithandize madera osauka.

Zikukhudza bwanji thanzi la mwana?

Mwana amakhala kusukulu maola ambiri patsiku. Mpweya umene akupuma, madzi amene akumwa ndi zimbudzi zimene akugwiritsa ntchito, zonse zimafuna ndalama. Ku America ndalama zomangira ndi kukonzera makalasi zimachokera makamaka kungongole zimene dera limabweza ndi msonkho wa nyumba womwewo. Dera losauka limachedwa kukonza.

Mu 2020 ofesi ya boma yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, GAO, inapeza kuti m'madera 41 pa 100 alionse, theka la sukulu kapena kuposerapo zinkafunika kukonza kapena kusintha makina olowetsa mpweya ndi otenthetsa m'makalasi. Inu amene mumathandiza zaumoyo mukudziwa kuti chipinda chopanda mpweya wabwino chimafalitsa chimfine, ndipo chinyontho ndi nkhungu zimadzutsa mphumu. Mwana wodwaladwala amajomba, ndipo wojomba amatsalira m'kalasi. Malipiro a namwino wa pasukulu, amene amathandiza ana a mphumu kapena a shuga, amapikisananso ndi malipiro a aphunzitsi m'thumba limodzi.

Kodi kuwonjezera ndalama kumathandizadi?

Ena amati chofunika ndi kagwiritsidwe ntchito, osati kuchuluka kwa ndalama. Kagwiritsidwe ntchito n'kofunikadi, koma kafukufuku wa Kirabo Jackson, Rucker Johnson ndi Claudia Persico, wofalitsidwa mu 2016, anasonyeza kuti kuchuluka nakonso kuli ndi ntchito. Ndalama za mwana aliyense zitakwera ndi 10 pa 100 kwa zaka 12 za sukulu, ana a m'mabanja osauka anapitiriza sukulu pafupifupi theka la chaka kuposa anzawo, ndipo atakula malipiro awo anali okwera ndi pafupifupi 10 pa 100.

Kungodula msonkho nako si yankho. Mu 1978 anthu a ku California anavota kuti msonkho wa nyumba usapitirire 1 pa 100 ya mtengo wa nyumba, ndipo ndalama za sukulu zotoleredwa m'madera zinatsika kwambiri, boma la chigawo n'kusenza katunduyo. Ku Michigan, mu 1994, anatsitsa msonkho wa nyumba koma n'kukweza msonkho wa zogula kuchoka pa 4 kufika pa 6 pa 100, ndipo kusiyana kwa madera kunachepa.

Nanga kuno?

Sukulu zathu za pulayimale zimadalira boma, osati ma city rates. Komabe kulikonse kumene kalasi, chimbudzi kapena phala zikudalira zimene anthu a m'dera asonkha, dera losauka lidzatsalira ngakhale makolo ake alimbikire chotani. Pamsonkhano wa komiti ya sukulu, musangofunsa kuti mwasonkha zingati. Funsaninso kuti boma ndi khonsolo akupereka zingati pa mwana mmodzi pasukulu yanu, ndiponso ngati sukulu za m'madera osauka zikulandira zowonjezera.